Madzi a Kuphanga

Ntchito yanga ndi yoyendera zimbudzi za anthu. Ndikunena mosabisa chifukwa ena akamva kuti wa zaumoyo amaganiza za dokotala wa jekete loyera. Ine ayi. Ine ndine mayi uja amafika pamudzi ndi njinga, kulonjera pang'ono, kenako n'kufunsa kuti chimbudzi chili kuti. Ndimasuzumira padzenje, ndimafunsa chivundikiro, ndipo ndikapeza ndowa ya madzi akumwa ili yosavundikira ndimakalipa ngati ndowayo ndi yanga. Zaka zambiri ndazungulira midzi ya kuno ku Thambani ndi klorini m'chikwama. Mphuno yanga inaphunzira ntchito kuposa mutu wanga, moti nyumba imene muli wotsegula m'mimba ndimaidziwa ndisanatsike panjinga.

Munthu wotereyu ndi amene amayi anga anamutuma kunyanja.

Amayi sanali a kuno. Anabadwira kugombe la nyanja yamchere ku Mozambique, kupitirira Nampula uko. Bambo anakawapeza komweko akugwira ntchito padoko, ndipo nkhondo itavuta anabwera nawo kuno ali ndi mimba ya achimwene. Kuchokera pamenepo sanabwererekonso. Chichewa chawo chinakhalabe chopindika pang'ono mpaka ukalamba, ndipo anzawo ankawaseka kuti usipa amaudya ngati akumwa mankhwala. Za kwawo sankakamba kawirikawiri. Ifenso ana sitinkafunsa, tinkangoti amayi ndi amayi basi.

Chaka chimene ndikukambachi maso awo anali atafa onse awiri ndi shuga, ndipo pamwendo wakumanzere panali chilonda chokana kupola. Ndinkachitsuka ndekha ndi madzi owiritsa ndi thonje la kuchipatala. Nkhondo yaikulu sinali ya chilonda koma ya anthu ofuna kuthandiza. Uyu abwera ndi masamba otafuna, uyu phulusa, uyu mafuta odalitsa a kwa mneneri. Onsewo ndinkawabweza pakhomo pomwepo. Ndinali nditaonapo miyendo ikudulidwa chifukwa cha chifundo choterechi, ndipo sindinkafuna kuti wa amayi anga ukhale wotsatira.

Kenako uthenga unabwera pafoni kuti malume, mlongo wawo womaliza wa amayi, amwalira kugombe kuja. Amayi sakanatha ulendo. Achimwene anati ntchito yawapanikiza, monga mwa nthawi zonse. Zinagwera ine kuti ndipite kukapepesa maliro, patatha miyezi iwiri chiikireni.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinadzera kwa amayi kukatsanzika. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pamphasa, mwendo wodwalawo atautambasula.

"Ukanditengereko madzi a m'nyanja," anatero.

Sindinafunse kuti a chiyani. Ndinkadziwa kale. Kuno kwathu aliyense amadziwa ntchito ya madzi a m'nyanja, poti madalaivala a mathiraki ochokera ku Beira amabwera nawo m'zigubu n'kumagulitsa pamalire. Ena amasamba kuti achotse minyama, ena amamwa kuti atsuke m'mimba, ena amathira pazilonda. Mumtima ndinangoti basi, wina wadutsa kale pano ine kulibe.

"Koma osati apagombe," anapitiriza. "Kuli kachilumba kamiyala, kali ndi phanga. Mwana wa malume ako akukadziwa. Ukatunge m'phangamo."

Ndinavomera. Munthu wakhungu amene wangotaya mlongo wake sutsutsana naye. Komanso ndinadzitonthoza kuti madzi amchere ndi madzi amchere, ndikabwera nawo ndiwasefa, ndiwawiritsa, ndipo sangawononge kanthu. Ndinatenga chigubu chimene munali mafuta ophikira, ndinachitsuka katatu ndi sopo, n'kuchiika m'chikwama pamodzi ndi manachesi a mphatso.

Chodabwitsa n'chakuti ife timakhala pamalire penipeni, Mozambique timamuona ndi maso tikakwera phiri, koma kuti ndikafike kwawo kwa amayi ndinachita kudutsa Blantyre, kudutsa Mulanje, n'kukatulukira mbali inayo. Ndinayenda masiku atatu m'mabasi. Za maliro sindikamba zambiri. Ndinaona manda, ndinalira ndi anthu amene sindinkamva chilankhulo chawo, ndipo anandilandira bwino kuposa mmene ndinkayenera.

Amene ndinkamvana naye anali mmodzi, msuweni wanga, mwana wa malume. Anali bambo wamkulu kale, wa imvi m'ndevu, amene paunyamata anayendapo ndi mathiraki mpaka ku Blantyre n'kutolako Chichewa chokwanira kunyozera munthu. Tsopano anali ndi boti lamatabwa. Alendo akapezeka ankawatenga kukaona zilumba, kunyamuka m'mawa n'kubwerako masana, ndipo akasowa ankaphera nsomba boti lomwelo. Nditamuuza za phanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Azakhali akukumbukirabe phanga lija? Mawa ndili ndi azungu awiri. Mukwera nawo, asuweni. Koma musadye kwambiri."

Mkazi wake nayenso anandilozera buledi wouma, n'kundisonyeza ndi zala kuti pang'ono pokha. Ine ndinaona ngati ndi nkhani ya kumana. Kwathu ulendo umayamba ndi kukhuta, munthu sanyamuka ndi njala ngati wothamangitsidwa. Ndinadya mpunga wophikira kokonati wotsala dzulo, mandasi awiri, tiyi wamkaka, n'kutsekera ndi manachesi a kwathu kuti pakamwa pakome.

Tinatuluka dzuwa likungotuluka, chifukwa msuweni anati nyanja ili ndi nthawi yake, imachoka n'kubweranso, ndipo m'phangamo mumaloweka madzi akakhala pakatikati. Ine wodziwa mitsinje yodzaza dzinja n'kuphwa chilimwe ndinaganiza kuti akundiseka. Koma titafika kugombe nyanja inali itachokadi. Pamene dzulo lake panali madzi panali matope ndi mchenga, mtunda wautali, ndipo boti linkaoneka kutali uko ngati kabeseni.

Pamchengapo panali anthu. Anali atanjuta motalikirana, aliyense atayang'ana kunyanja, ali phee. Poyamba ndinaganiza kuti akutola nkhono. Mphepo itatembenuka mphuno yanga inandiuza zoona.

"Anthu awa akutani?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa.

"Asuweni, kwanu simupita kuchimbudzi?"

"Chimbudzi chake chili kuti?"

Anatambasula dzanja kuloza nyanja yonse. "Ikabwera imatenga zonse, kawiri pa tsiku. Inu zanu mumasunga m'dzenje zaka ndi zaka, kuseri kwa nyumba yogona. Wauve ndani?"

Ndinali ndi mayankho ambiri, ndawaphunzitsa pansi pa mitengo ya mango zaka zonsezi, koma kwa eni kulibe mkuwe. Kenako msuweni anandiuza kuti ndivule nsapato, chifukwa kuti tikafike paboti tinayenera kuyenda pamatope omwewo.

Ndinayenda maso ali pansi, kusankha popondera ngati nkhuku pamoto. Matopewo anali ofunda ndipo ankatuluka pakati pa zala za kumapazi. Penapake ndinaponda chinthu chofewa kuposa matope ndipo sindinayang'ane. Ndinangoti Ambuye, ine amene ndinakalipirapo mfumu chifukwa cha chivundikiro, lero ndafika apa. Azungu aja, mwamuna ndi mkazi opsa ndi dzuwa, ankayenda patsogolo akuseka ndi kujambula mbalame.

Boti linali lokongola ukaliona patali. M'kati munali nkhani ina. Pansi pa matabwa okhalira panali madzi akuda osakanikirana ndi dizilo, mamba a nsomba akuyandama, ndi nyambo ya dzana itatupa m'chitini chopanda chivundikiro. Ntchentche zinali zitafika kale ife tisanafike. Msuweni anandiveka jekete loyandamitsa lonyowa, lankhungu, lonunkha m'khwapa mwa anthu onse amene analivalapo. Ndinayika mapazi pamwamba pa chingwe kuti asakhudze madziwo, chigubu changa ndikuchikumbatira pamiyendo.

Poyamba zinali bwino. Injini inalira, mphepo inawomba kumaso, fungo linachepa, ndipo ndinayamba kudzimva ngati munthu. Koma titatuluka pamalo otetezeka, mafunde anatiyamba. Boti limakwera pang'onopang'ono, kuima pamwamba, kenako kugwa, m'mimba n'kutsalira m'mwamba. Kachitatu ndinamva mpunga uja ukufunsa njira. Malovu anadzaza m'kamwa, thukuta lozizira linatuluka pamphumi, ndipo fungo la dizilo lija linabwerera lonse pamodzi ndi la nyambo.

Ndinathamangira m'mbali mwa boti. Palibe amene anandiuza kuti ngakhale kusanza kuli ndi mbali yake. Ndinasanzira kumene kunkachokera mphepo, ndipo mphepo inandibwezera zonse, pachifuwa, pachitenje, zina n'kukagwera pamwendo wa mzungu wamkazi uja.

"Mbali iyi, asuweni! Mbali iyi!" anakuwa msuweni, dzanja limodzi pachiwongolero, linalo akupukuta misozi ya kuseka. "Manachesi a ku Mwanza abwerera okha!"

Mzungu uja anangomwetulira mokakamiza n'kutunga madzi kutsuka mwendo. Manyazi amene ndinachita sindinawaonepo. Ndinasamukira mbali inayo n'kupitiriza mpaka m'mimba munatsala ndulu yokha. Ndili chiweramire ndinaona tinsomba tikubwera kudzadya zimene ndasanza, ndipo msuweni sanalole mwayiwo kudutsa. Anati nsomba zimenezo n'zomwe tinadya dzulo madzulo.

Chilumba choyamba chinali cha mchenga woyera ndi titchire tochepa. Azungu anavala magalasi osambira n'kulowa m'madzi. Ine ndinadzikoka mpaka pamthunzi n'kugona chafufumimba. Nthaka nayonso inkayenda. Ndinatseka maso n'kuyamba kuwawerengera milandu onse: achimwene ndi ntchito yawo, madalaivala a pamalire ndi zigubu zawo, ndi munthu wosadziwika uja amene anadzaza mutu wa amayi ndi za madzi a m'nyanja.

Msuweni anabwera ndi nkhono zodzaza chipewa, zimene anagula kwa amayi ena amene ankakumba m'mphepete. Anakhala pafupi nane, anatsegula imodzi ndi mpeni, ndipo m'katimo munali kanthu kotuwa, konyowa, kooneka ngati mamina. Kankasuntha. Anatenga nachesi langa lomaliza, anafinyirapo, n'kumeza kali kamoyo.

"Lawani."

"Chotsani icho pamaso panga."

"Azakhali ankameza izi osawerenga. Bambo ankati mlongo wawo ankamira pansi kuposa anyamata onse a pamudzi. Amatha kulowa apa n'kukatulukira pamwala uwo, anthu atayamba kale kulira."

Ndinayang'ana mwalawo. Unali kutali ndithu. Ndinayesa kuwaona amayi anga, amene ankaopa kuwoloka mtsinje wa kwathu madzi akafika m'mawondo, akumira m'nyanja imeneyi ndi kumeza zamoyo, koma sizinatheke. Ndinaganiza kuti msuweni akuwonjezera, monga amachitira asuweni onse.

Dzuwa litakwera ndithu tinanyamuka kupita ku kachilumba kamiyala. Kameneka kanalibe mchenga. Kanali thanthwe lakuda lodyeka kunsi, lodzaza mabowo, pamwamba pake pali mbee ndi zitosi za mbalame. Msuweni anazimitsa injini n'kutenga nsungwi yaitali. Anatiuza kuti tiweramitse mitu, ndipo funde lina litatinyamula tinalowa pakamwa pa phanga.

Fungo linatilandira tisanaone kanthu. Ine zimbudzi ndaziona za mitundu yonse, zodzaza, zogumuka ndi mvula, za pamsika tsiku la msika, koma ili linali lina. Munali mazira owola, munali mkodzo wakale, munali nsomba yofa, ndipo pansi pa zonsezo munali kafungo kena kotsekemera kamene kanandikwiyitsa kuposa onsewo. Linkalowa m'kamwa n'kukhala palilime. Ndinatseka mphuno ndi chitenje, koma chitenjecho chinali ndi masanzi anga, ndiye panalibe kothawira.

Maso atazolowera mdima ndinaona denga likuyenda. Inali mileme, yothithikana, ikulira ngati makoswe. Zitosi zake zinkagwa ngati mvula yowaza, pamutu, pamapewa, kamodzi pamlomo penipeni. Makoma nawonso ankayenda. Panali tizilombo tofanana ndi mphemvu, tambirimbiri, tikuthawa kuwala kwa foni ya mzungu. Kumapeto kwa phanga madzi anali ataunjika zonse zimene nyanja yatola: thovu lachikasu, udzu wa m'nyanja wowola, patapata mmodzi, mabotolo, ndi nsomba yaikulu yotupa mimba ili chagada, nkhanu zikuidya m'maso.

Azungu ankanong'onezana mosangalala. Kunena zoona, panali chimene ankaona. Kuwala kunkalowa pansi pa madzi kuchokera panja, ndipo pakati pa phanga madziwo ankayaka mobiriwira mpaka unkaona mchenga pansi. Funde likalowa phanga lonse limabuula, likatuluka limapuma. Ndinaziona, ndinazimva, koma munthu amene mleme wamunyerera pamlomo sakhala ndi nthawi yoyamikira.

Msuweni analoza thanthwe lina lathyathyathya m'mbali. "Pamenepo ndi pamene atsikana ankakhala. Akatopa kutola nkhono ankathawira muno dzuwa, kudikira madzi. Azakhali ankakhala pamenepo."

Thanthwelo linali litakutidwa ndi zitosi zofika m'kakolo. Ndinatsegula chigubu changa n'kuwerama kuti nditunge pamalo obiriwira paja, pamene madzi ankaoneka oyera. Msuweni anandilanda chigubucho. Anakankha boti ndi nsungwi mpaka kumapeto, pafupi ndi thanthwe lija, pafupi ndi nsomba yofa, n'kuchimiza pamenepo. Ndinamva chikumeza, gubu gubu gubu, thovu ndi zonse. Ngati kuti sizinakwane, anapisa dzanja pansi n'kutapa mchenga wakuda ndi kaudzu, n'kuzikankhira m'chigubumo ndi chala.

"Mukufuna kuwapha amayi anga?" Mawu anga anamveka phanga lonse, mileme ina n'kuuluka.

"Anati a m'phanga. Phanga ndi lino. Apo munkatunga ndi nyanja wamba."

"Ali ndi chilonda! Mukudziwa chimene chili m'madzi amenewa?"

"Ine za chilonda sindikudziwa, asuweni. Ndikudziwa phanga."

Anatseka chigubu mwamphamvu n'kuchiika pamapazi panga. Ndinkafuna kuchikhuthula pomwepo, koma funde linatikankhira kunja, kuwala kunandibaya m'maso, ndipo m'mimba munayambiranso. Ulendo wonse wobwerera ndinali chiweramire, ulendo uno mbali yoyenera.

Tinafika masana. Nyanja inali itabwerera, ndipo boti linatifikitsa mpaka pafupi ndi nyumba. Pamene m'mawa panali matope ndi anthu onjuta panali madzi okhaokha, ana akusambira. Msuweni anandiyang'ana kudikira kuti ndinene kanthu. Sindinamupatse mwayi umenewo. Ndinapempha sopo ndi ndowa, ndipo ndinasamba mpaka khungu linawawa.

Chigubu chija ndinayenda nacho masiku atatu pansi pa mpando. Tsiku loyamba chinali chete. Tsiku lachiwiri, ndi kutentha kwa m'basi, chinatupa ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa, ndipo fungo linayamba kutuluka ngakhale ndinachikulunga m'majumbo awiri. Kondakitala anafunsa kuti ndani wanyamula mazira owola. Ndinayang'ana pawindo ngati sindinamve. Mayi amene ndinakhala naye anasamuka n'kukaima. Pamalire munthu woyang'ana katundu anatsegula chivundikiro, anachitseka msangamsanga, n'kundiuza ndi dzanja kuti ndidutse.

Nditafika ku Thambani sindinapite kaye kwa amayi. Ndinapita kunyumba kwanga. Kuseri kwa nyumba ndinatsegula chigubucho, ndipo chinapuma ngati botolo la thobwa lowawasa. Madziwo anali atasanduka otuwa, pamwamba pali kakhungu, kaudzu kaja katasungunuka. Ndinathira pang'ono m'kapu n'kuyang'ana padzuwa. Munali tinthu tikuyandama. Ndinaganiza za chilonda chofiira chija, chimene ndachisamala miyezi yonseyi, ndipo ndinadziwa kuti ngakhale nditawiritsa kakhumi, madzi amenewa sadzachikhudza. Komanso ndinkawadziwa amayi. Ndikanangowasiyira chigubucho, ine n'kutembenuka, akanathira okha. Ndimo mmene ndinaganizira.

Ndinakhuthulira zonse m'chimbudzi, mpaka mchenga, n'kuvundikira. Chigubu ndinachitsuka ndi sopo, kenako ndi klorini, n'kuchiyanika padzuwa. Ndinatunga madzi pamjigo, ndinawawiritsa, ndinathiramo mchere wa pagolosale mpaka unafanana ndi wa m'nyanja umene ndinalawa ndikusanza, ndinasefa pansalu yoyera, n'kudzaza chigubu. Nditachiyang'ana padzuwa chinali choyera bwino. Ndinadziyamikira kuti ndapeza nzeru: amayi asangalala, mwendo utetezeka, palibe wolira. Safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo mwambiwo sunandifike m'mutu.

Chakumadzulo dzuwa lisanalowe ndinakwera njinga kupita kumudzi, chigubu kumbuyo, beseni ndi thonje m'chikwama. Amayi anali pakhonde. Anamva njinga ndisanalankhule.

Tinayamba ndi za maliro, monga mwa mwambo. Anafunsa kuti manda ali pati, ndani anatsala pakhomo, mkazi wa malume ali bwanji. Anatchula anthu ena amene ndinawayankha kuti anamwalira kale, ena amene sindinawamveko n'komwe. Pa yankho lililonse ankangogwedeza mutu. Atatha anafunsa za madzi aja.

"Wabwera nawo?"

"Ndabwera nawo, amayi."

Ndinatulutsa beseni n'kuliika pansi. Anamva kulira kwake.

"Beseni la chiyani? Ndipatse kuno."

Ndinawapatsa chigubu. Anachikumbatira pachifuwa, anapapasa chivundikiro n'kuchitsegula okha. Kenako anaweramitsa nkhope n'kuika mphuno pakamwa pa chigubucho. Anakoka mpweya kamodzi, kautali. Anadikira. Anakokanso. Ine ndinali chiimire ndi thonje m'manja, ndipo pamenepo m'pamene ndinayamba kukayika nzeru yanga ija.

Anapisa chala, n'kulawa.

"Mchere ulimo," anatero.

Kenako anafunsa, "Unafikadi kuphanga?"

"Ndinafika, amayi."

"Mileme ikadalimo?"

"Yadzaza denga lonse."

"Inakunyerera?"

"Mutu wonse. Mpaka pamlomo."

Anaseka. Anaseka kuseka kumene sindinakumvepo chiyambire, kwa mtsikana, mutu ataugwetsa kumbuyo, chigubu chikugwedezeka pachifuwa. Anati ndikhale pansi ndiwauze zonse. Ndinawauza za matope, za boti, za mphepo yondibwezera masanzi, za nkhono zamoyo. Pa nkhono ananyambita milomo. Ndinawauza za thanthwe lathyathyathya, ndipo anati kumanzere kwake kuli kabowo kamene ankabisamo mpeni wawo. Ndinawauza za kubuula kwa phanga, iwo n'kuyeserera ndi pakamwa, ndipo anakutha ndendende.

"Nanga fungo?"

Ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Mazira owola, mkodzo wakale, nsomba yofa, ndi kafungo kotsekemera ka pansi kaja. Pa kameneko anakweza chala.

"Eya. Kameneko. Ndi udzu umenewo ukamawola pamwala." Anaikanso mphuno pachigubu, ngati mwina kabisala pansi. "Nanga kapita kuti?"

Ndikanatha kunama kuti fungo linathera m'njira. Mawuwo anali okonzeka kale pakamwa. Koma munthu anali atangondiuza kumene ankabisa mpeni wake.

"Ndinataya, amayi. Anawola m'njira. Ndinaopa chilonda."

"Chilonda?" Anatembenuzira nkhope kwa ine, maso oyera aja akuyang'ana pambali pang'ono. "Ndani anakuuza za chilonda? Chilonda ndi ntchito yako, umachitsuka bwino, sindinadandaulepo. Ine maso ndilibe. Miyendo yokafikira kumeneko ndilibe. Mlongo wanga wapita. Yatsala ndi mphuno yokhayi."

Sanakweze mawu. Akanakalipa bwenzi zili bwino, ine kukalipa ndimakudziwa.

"Unataya onse?"

"Onse."

"Ukanangondisiyira kapu imodzi."

Pa ulendo wonsewo ndinanyansidwa ndi matope, ndi boti, ndi mileme, ndi anthu a eni ake amene sanandilakwire kanthu. Koma sindinanyansidwepo ndi chinthu ngati mmene ndinadzinyansira ndekha pakhonde paja, nditakhala ndi thonje langa loyera m'manja. Ndinati ndipitanso, ndikapeza tchuthi ndipitanso. Anangogwedeza mutu mmene anagwedezera pa mayina a akufa aja. Tonse awiri tinkadziwa kutalika kwa njirayo ndi kuchepa kwa masiku awo.

Anapapasa pansi mpaka anapeza beseni, analikankhira kwa ine, n'kundipatsa chigubu. Kenako anakweza chitenje pang'ono n'kutambasula mwendo.

"Tsuka, poti wabwera nalo beseni," anatero. "Madzi abwino asawonongeke."

Ndinagwada n'kuyamba kumasula bandeji.